Kimika Kuseri kwa Posto

Ntchito yanga ndi yokolopa. Pa posto ya zaumoyo ya kwathu, kufupi ndi Lunho, amanditcha serevente. Ndimatunga madzi, ndimachapa nsalu za m'chipinda chochiliramo azimayi, ndimawotcha zinyalala kudzenje, ndipo anthu akachuluka ndimaitana mayina pakhomo. Zina zimene ndimachita sizinalembedwe pa pepala langa la ntchito. Ndagwirapo miyendo ya azimayi ambiri pobereka, ndipo mbedza yolowa m'chala cha msodzi ndimaichotsa mofulumira kuposa wina aliyense pamenepo.

Amene anandiika maganizo a sukulu m'mutu ndi aenferimeiru athu, anamwino a pa posto, bambo a ku Lichinga osakonda kulankhula. Tsiku lina anandipeza ndikumanga bala la mwana wopsa ndi phala. Anaima kumbuyo kwanga mpaka ndinamaliza.

"Amama, sukulu munalekezera pati?"

"Desima," ndinatero. Ndiye kuti kalasi yachikhumi.

"Manja anuwa ndi a unamwino. Chikusowa ndi pepala basi."

Anandifotokozera kuti ku sukulu ya zaumoyo amafuna munthu womaliza desima segunda, kalasi yachikhumi ndi chiwiri, wokhoza biyolojiya ndi kimika, ndiye kuti kemisitiri. Anati masiku ano munthu angathe kuphunzira ali kwawo: amakupatsa timabuku totchedwa modulo, umawerenga wekha, Loweruka umapita ku Metangula kukaonana ndi mphunzitsi. Kenako anandifunsa chitupa changa, nayang'ana chaka chobadwa, nawerenga pa zala. Kusukuluko sankalandira munthu wopyola msinkhu wina wake. Ine ndinali nditatsala ndi zaka zitatu.

"Ziwiri za kuphunzira, chimodzi cha ngozi," anatero pondibwezera chitupacho.

Ndinalembetsa sabata yomweyo. Amuna anga ndinawauza madzulo akukonza nyale zopitira ku usipa. Sanakane, sanavomere. Anangofunsa ngati Loweruka ndidzikhala nditayanika usipa ndisanapite. Ndinati inde.

Chaka choyamba chinandipusitsa, chifukwa chinayenda. Chipwitikizi changa chinali chitachita dzimbiri koma chinatsukika. Biyolojiya inali ngati kucheza ndi munthu wodziwana naye kale: magazi, chiberekero, njoka za m'mimba, zonsezo ndinkaziona ndi maso kuntchito. Kimika ya chaka chimenecho ndinaidutsa pongoloweza. Ndinaloweza mayina a pa tebulo lija la timabokosi ngati mmene tinkalowezera katekisimu ku Msumba, osafunsa tanthauzo.

Nthawi yanga yowerenga inali masana. M'mawa kusanache ndinkapita kudooko kukalandira usipa, kuutsuka, kuuyanika pa thandala, kenako kusamba n'kuthamangira ku posto. Madzulo ndinkafika kunyumba msana ukuyaka, ana akudikira, chinangwa chovikidwa chikudikiranso. Ndikanati nditsegule buku nthawi imeneyo ndikanangolidonthezera malovu. Ndiye ndinkawerenga dzuwa lili paliwombo, odwala akatha, kuseri kwa posto, pa chitini chogubuduza pafupi ndi dzenje la zinyalala. Pamenepo pokha m'pamene munthu sankandifuna msanga, chifukwa cha fungo. Mamodulo anga onse amanunkha utsi ndi lishiviya, mankhwala oyeretsera aja, mpaka lero.

Mavuto anayamba mu desima segunda. Modulo yoyamba ya kimika ya chaka chimenecho ndinaitsegula, ndinawerenga tsamba limodzi katatu, ndinaitseka. Mawu aliwonse paokha ndinkawadziwa. Akakhala pamodzi sankandiuza kanthu. Bukulo linkalankhula ngati ndili nalo m'chipinda china chake chodzaza mabotolo. "Thirani madontho awiri, onani mtundu umene ukubwera." Ine ndinkayang'ana uku ndi uku, n'kuona nkhuku za oyandikana nafe zikupalasa phulusa. Pansi pa phunziro lililonse panali mawu olembedwa mokondwa akuti, "Mwachita bwino, wophunzira wokondedwa! Tsopano pumulani pang'ono." Mawu amenewo ankandipsetsa mtima kuposa mafunso.

Mphunzitsi wathu wa Loweruka, amene tinkawatcha atutora, anali mtsikana woti ndikanatha kukhala mkulu wake wachitatu. Sabata yonse ankaphunzitsa ana a yunifomu, m'mawa ndi masana, ndiye ife tinkawapeza atatha kale. Ankabwera ndi botolo la madzi ndi choko m'thumba la kapulana, nsalu ya chitenje. Tinayamba tili khumi ndi mmodzi m'kalasimo: aphunzitsi a pulayimale, wapolisi mmodzi, azimayi atatu. Pofika mwezi wa Juni tinatsala anayi. Wina ankangosiya kubwera, ndipo palibe ankafunsa.

Phunziro limene linandiimitsa linali la ekilibriyu. Pa bolodi panali mivi iwiri, wina woloza kumanja, wina kumanzere. Atutora anati zinthu zikusanduka zina, ndipo zinazo zikubwereranso kukhala zoyamba zija, nthawi imodzi, pa liwiro limodzi.

"Ndiye kuti palibe chikuchitika," ndinatero.

"Chikuchitika, amama. Koma sichikuoneka."

Ataona nkhope yanga anaika choko pansi. "Taganizani ngalawa ili padooko. Anthu asanu akukwera, asanu akutsika. Asanu akukwera, asanu akutsika. M'ngalawamo anthu akuchuluka?"

"Ayi."

"Akuchepa?"

"Ayi. Nanga ngalawayo inyamuka liti?"

Wapolisi uja anaseka mpaka kutsokomola. Atutora anasekanso, koma kenako anakhala pansi n'kugwira mutu. Tikutuluka anandiitana.

"Ndikuuzeni zoona, amama. Zambiri zili m'bukumu nanenso sindinazionepo. Kumene ndinaphunzira tinalowa m'chipinda cha mabotolo kawiri kokha, ndipo anagwira ndi aphunzitsi, ife tikuonerera. Ndikukupatsani zimene anandipatsa."

Ndinawakonda kuyambira tsiku limenelo, koma sizinandithandize kumva ekilibriyu.

Kumapeto kwa chaka tinalemba ezame, mayeso omaliza. Maphunziro ena onse ndinakhoza. Kimika ndinapeza nove, ndiye kuti zisanu ndi zinayi. Kuti munthu adutse pamafunika dezi, ndiye kuti khumi, pa makumi awiri. Ndinalembanso ulendo wachiwiri umene amapereka kwa olephera pang'ono, ndipo ndinatsika, ndinapeza sete, zisanu ndi ziwiri. Mapepala a zotsatira amawamata pakhoma la sukulu, panja, aliyense n'kumawerenga. Ndinaima pamenepo pakati pa ana akukuwa ndi kukumbatirana, chala changa chili pa mzere wa dzina langa, ndikuutsata mobwerezabwereza ngati mwina ndalumphira mzere wa wina.

Kunyumba ndinapeza amuna anga akusoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza. Anapitiriza kusoka kanthawi.

"Ine sindikuletsani," anatero. "Koma zaka ziwiri tsopano, ndikafika m'mawa ndimapeza mkazi wanga akulankhula yekha pa thandala. Usipa mumauyanika mukutchula zinthu zachilendo. Anthu ayamba kundifunsa."

"Chatsala chaka chimodzi."

"Chimodzi chokha?"

"Chikatha chimenecho, ngakhale nditafuna, sadzandilandira."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa tsiku lotulukira m'chipatala.

Chaka chachitatu ndinabwerera ndi phunziro limodzi lokhalo. Mvula inali idakalipo sukulu ikutsegulidwa, msewu unaduka, ndipo mashapa, maminibasi athu, anasiya kufika kwathu. Loweruka loyamba ndinayenda pansi mpaka pamtsinje, ndinaupeza wofiira, ukunyamula mitengo, ndinabwerera. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Loweruka lachitatu amuna anga atafika kuchokera ku usipa, maso ali psuu, anandiona ndikumanga mamodulo m'pepala la pulasitiki.

"Mukupitanso kukauyang'ana mtsinje?"

"Mwina waphwa."

"Sunaphwe. Kwerani."

Anandipalasira pa bwato, motsata gombe, munthu amene sanagone usiku wonse. Titafika anakokera bwato pamchenga, nagona pamthunzi pake atadziphimba nkhope ndi malaya. Nditabwerako ndinawapeza akadali chigonere, nyerere zikuyenda pa mwendo. Anachita zimenezo Maloweruka anayi mpaka msewu unatseguka, ndipo sanazitchulepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titayambana.

M'kalasi chaka chimenecho tinayamba asanu, ndipo posakhalitsa ndinatsala ndekha. Atutora anali ndi pakati. Miyendo inkawatupa, ndiye ankakhala pa mpando wina, miyendo pa mpando wina, ine n'kumalemba pa bolodi iwo akundiuza. Nthawi zina ankandipatsa funso, ndikatembenuka kuti ndiwaonetse yankho n'kupeza agona, mutu uli pa mkono. Sindinkawadzutsa. Ndinkakhala pa desiki ya ana, mawondo akugunda thabwa, n'kumayang'ana nyanja pa zenera. Kawiri konse nanenso ndinagona. Anatidzutsa mlonda pofuna kutseka.

Koma pa Maloweruka amenewo zina zinalowa. Tsiku lina atutora anabwera ndi chidede chouma m'kapepala, anachiviika m'madzi otentha mpaka madzi anafiira, nawagawa m'makapu awiri. M'kapu ina anafinyiramo ndimu. Madzi anawala, kufiira kwake kunakhala ngati kwa magazi atsopano. Ine anali atandituma chidulo, madzi a phulusa amene timaphikira therere. Nditathira m'kapu inayo, madzi anasanduka obiriwira modera. Ndinatsala pang'ono kutaya kapu.

"Asidu uyu, baze uyu," anatero akuloza. "Mwaona ndi maso anu. Musadzanene kuti sindinakuonetseni kanthu."

Ndinasangalala mpaka kunyumba. Lolemba lake ndinatsegula modulo kuseri kwa posto n'kupeza kuti bukulo silifuna kudziwa mtundu wa madzi. Linkafuna nambala ya pH, ndipo kuti uipeze umayenera kudutsa mu masamu otchedwa logaritimu amene ine ndinawaphonya kalekale. Ndinatha milungu itatu pa masamu okhawo. Aenferimeiru anayesa kundithandiza, anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, nati iwo anaphunzira kale kwambiri.

Mwezi wa Agosto atutora anapita kwawo ku Lichinga kukachira. Sukulu sinapeze wina wolowa m'malo mwawo chifukwa cha wophunzira mmodzi, ndipo sindikuwadandaula. Tisanasiyane anandiuza kuti ndizijambula mafunso pa foni n'kuwatumizira. Kwathu foni imagwira pamalo amodzi, pa kachulu ka kumtunda kwa bwalo la mpira. Ndikaweruka ndinkakwera pamenepo, n'kuimika dzanja m'mwamba ngati munthu wolumbira, kudikira kuti chithunzi chipite. Yankho linkabwera mawa lake, nthawi zina pakatha masiku anayi, lili mawu ojambulidwa. Ndinkamva atutora akufotokoza za ma elekitironi, amene ataya ndi amene alandira, khanda likulira pafupi ndi foni. Ankaima, n'kulitonthoza, n'kuyambiranso pamene sanalekezere. Uthenga wina unathera pakati pa chiganizo. Ndinaumvera kambirimbiri kuyesa kulota mawu otsalawo.

Ndisaname, masiku ambiri sindinkawerenga. Ndinkakhala pa chitini chija buku lili pa miyendo, maso ali pa utsi. Mutu unkakhala ngati chinangwa chimene chakhalitsa m'madzi. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndikufunadi unamwinowo, kapena ndikungoopa kuuza aenferimeiru kuti ndalephera. Kenako wina ankandiitana kuti mwana wasanza pakhonde.

Ezame ya chaka chimenecho ndinapeza oito, zisanu ndi zitatu. Unatsala ulendo wachiwiri uja, patapita milungu yochepa.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa milungu imeneyo, ndipo monga zimachitikira, matenda otsegula m'mimba anabuka m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Posto inadzaza. Odwala anagona pakhonde, ena pansi pa mtengo, madiripi atapachikidwa pa nthambi. Ndinkatunga madzi, kusungunula kuloro, kutsuka zidebe, kutunganso. Khungu la m'manja linasupuka. Masiku asanu ndi anayi sindinatsegule buku. Dzulo lake la ezame aenferimeiru anandilanda chidebe m'manja.

"Pitani kwanu, amama. Mawa muli ndi nkhondo yanu."

M'chipinda cha ezame anatisakaniza ndi ana a yunifomu. Mphunzitsi woyang'anira, mwamuna amene sankandidziwa, anandiimitsa pakhomo nati makolo adikire panja. Ndinamuonetsa khadi langa. Anapepesa, nandiperekeza mpaka pa desiki. Ndinayamba bwino. Funso la asidu ndi baze ndinaliyankha, la ekilibriyu ndinalemba zimene ndinaloweza. Nditafika pa tsamba lachitatu zilembo zinayamba kusambira. M'chipindamo munali phee, mvula ikuwaza pang'onopang'ono pa malata, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi ndinali ndisanakhalepo pansi malo opanda wondiitana. Ndinati nditsamire dzanja pang'ono.

Ndinadzidzimuka ndi kugogoda pa desiki. Anali mphunzitsi uja, atawerama, akunong'ona.

"Amama. Amama. Latsala theka la ola."

Sindikudziwa kuti ndinagona nthawi yaitali bwanji. Pepala linali litanyowa pakona. Ndinalemba mothamanga zimene ndinatha, mafunso awiri omaliza ndinawasiya oyera. Potuluka sindinkamva chisoni. Ndinkangofuna kukapitiriza tulo tija.

Zotsatira zitamatidwa sindinapite. Anandiimbira ndi wapolisi uja wa chaka chathachi, amene ankadutsa pasukulupo. Anati wawona dzina langa, ndipo pambali pake pali dezi. Ndinamuuza kuti awerengenso ataika chala. Anati waika chala, ndi dezi. Ndinali nditanyamula ndowa pamutu nthawi imeneyo, ndikudutsa pa kachulu kaja. Ndinaitula, ndinakhala pansi m'njira momwemo, ndipo mayi wina wodutsa anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Satifiketi sinatuluke msanga. Ya olemba ulendo wachiwiri imachedwa, iyenera kupita uku ndi uku kukasainidwa, ndipo inali nthawi ya tchuthi. Pamene inkafika m'manja mwanga, kulembetsa ku sukulu ya zaumoyo kunali kutatsekedwa. Ndinakwerabe shapa kupita ku Lichinga, kukwera phiri lonse lija, satifiketi ili m'kati mwa bulauzi. Mu ofesimo munali mayi wa msinkhu wanga, wovala juzi, chifukwa kumeneko kumazizira. Anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza.

"Chaka chino zatha kale, mana, m'bale wanga. Mayina anapita. Mubwere chaka chamawa." Anatenga chitupa changa, nayang'ana chaka chobadwa. "Chaka chamawa mudzakhala mutapyola."

"Chaka chili pamenepocho si changa," ndinatero.

Ndinamufotokozera. Ine ndinabadwa nkhondo ili mkati, ndipo makolo anandiwolotsa nyanja kupita ku Malawi ndili kumsana, wopanda pepala lililonse. Titabwerera, anthu olemba mayina anabwera m'mudzi, natiimika ana tonse pamzere. Amene analibe pepala ankamuyang'ana msinkhu, n'kumuuza kuti agwire khutu podutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, n'kumupatsa chaka. Ine ndinali wamtali. Amayi anga mpaka kumwalira kwawo ankanena kuti anandiwonjezera zaka ziwiri, chifukwa ndinabadwa pamodzi ndi mwana wa achemwali awo, amene chitupa chake chimanena zina.

Mayiyo anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wandikhulupirira.

"Kwathunso zinachitika," anatero. "Koma ine ndimawerenga chimene chalembedwa. Kuti musinthe chitupa ndi nkhani ya kukhoti, ndi mboni. Amayi anu mwati anamwalira?"

"Anamwalira."

Anandibwezera mapepala ndi manja awiri. Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinagula mbatatesi za ana pamsika, ndinakwera shapa yobwerera. Potsetsereka phiri, nyanja itayamba kuoneka pansi, ndinagona, ndipo anandidzutsa tili ku Metangula.

Amuna anga anamva nkhani yonse ali chikhalire pa mphasa. Anapempha kuti aione satifiketiyo. Sadziwa kuwerenga Chipwitikizi, koma anaigwira m'mphepete kuopa kuidetsa, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Dezi ali pati?"

Ndinawalozera.

"Ndi wamng'ono," anatero. Tinaseka tonse, ndipo kenako ndinalira pang'ono, iwo akuyang'ana kumbali.

Aenferimeiru anakwiya kuposa ine. Analankhula za makalata, za anthu amene amawadziwa, za sukulu zina zolipira zimene siziyang'ana zaka. Ndinawamvetsera ndikufinya chokolopera. Ndinawauza kuti ndiganiza, ndipo iwo anadziwa tanthauzo lake. Za kukhoti ndinafunsapo kamodzi. Anandiuza maulendo amene ndiyenera kuyenda, ndipo miyendo yanga inakana ndisanayambe.

Atutora ndinakumana nawo patapita miyezi, pamsika wa ku Metangula, ali ndi mwana kumbuyo, akusankha tomato. Anali atamva kale zonse. Anandigwira dzanja osalisiya.

"Amama, ndikanapanda kuchoka mu Agosto muja..."

"Mukanachilira m'kalasi? Ndikanakuchiritsani ndine, ndipo kimika sitikanaphunzirabe."

Anaseka, maso ali ndi misozi. Anandiuza kuti chaka chimenecho ali ndi ophunzira asanu ndi awiri a Loweruka, ndipo atatu ayamba kale kujomba. Kenako anamasula mwana kuti ndimuone. Anali ndi tizilonda kuseri kwa khutu. Ndinamutembenuza, ndinayang'ana m'khosi ndi m'khwapa, ndinawauza kuti ndi thukuta chabe, asiye kumupaka mafuta onunkhira, azimusambitsa ndi madzi okha n'kumupukuta bwino. Anandifunsa ngati apite naye kuchipatala. Ndinati zikapanda kuuma pofika Lachinayi apite. Tinasiyana pamenepo chifukwa shapa yanga inali itayamba kuliza hutala, ndipo ndinali ndisanagule mchere.